Kamera Yodontha: Kodi Choipa Ndi Chinthu, Kapena Ndi Mpata?

Wojambula akapita kukatenga zithunzi kotsukitsa n'kupeza kuti lawi lofiira ladutsa pankhope ya mkwatibwi, amangoti filimu yapsa. Mawuwo amabisa chinthu choyenera kuchilingalira. Filimuyo sinakhudzidwe ndi moto, madzi kapena dothi. Chaiwononga ndi kuwala, komweko kumene kwajambula maso a mkwatibwi, maluwa ali m'manja mwake, ndi azakhali ake amene akululutira kumbuyoko. Timibulu ta siliva timene timamatidwa pa filimu sitidziwa kusankha. Kuwala kodzera pa lenzi ndi kuwala kozembera m'mbali mwa chitseko timakulandira chimodzimodzi, ndipo potsuka timada chimodzimodzi. Kamera yotereyi tingati ikudontha, monga timanenera denga, kungoti chodonthacho si mvula. Ntchito yofufuza pamene ikudonthera imaunikira funso limene lavutitsa anthu opembedza ndi anthu oganiza kuyambira kale: kodi choipa ndi chinthu chokhala ndi thupi lakelake, chochokera ku ufumu wakewake, kapena ndi chabwino chimene chasowa malire ake? Ine ndili kumbali yachiwiriyi, ngakhale nayo ili ndi zilonda zimene sindizibisa.

Mbali yoyambayo inali ndi mphunzitsi wamphamvu. Mani, amene anabadwira ku Mesopotamia m'chaka cha 216, ankaphunzitsa kuti kuyambira pachiyambi pali maufumu awiri, wa Kuwala ndi wa Mdima, ndipo dziko lathuli linabadwa pamene Mdima unaukira Kuwala n'kumezako zidutswa zake. Chiphunzitsochi chinafalikira kuchokera kumpoto kwa Africa mpaka ku China, ndipo n'zosadabwitsa, pakuti ndi chokoma kuchimva: choipa chili uko, ife tili kuno, ntchito yathu ndi kupatula. Kamera imakana zimenezi ndi dzina lake lomwe. Liwulo linachokera ku Chilatini, kumene limatanthauza chipinda, ndipo chipinda chake ndi chamdima. Ibn al-Haytham, amene analemba buku lake la kaonedwe ka maso ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, anaonetsa kuti kuwala kukalowera pa kabowo kakang'ono m'chipinda chamdima kumaika pakhoma chithunzi cha zimene zili kunja. Mukagumula khoma lonse kuti kuwala kulowe mwaufulu, chithunzicho chimazimirira. Taonani masamu ake: filimu ya zithunzi 36, chilichonse chojambulidwa pa gawo limodzi mwa magawo 125 a sekondi, imaona kuwala kwa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi imodzi m'moyo wake wonse. Masabata ena onsewo imakhala mumdima wa ndiweyani, ndipo mdimawo ndi umene umasunga nkhope za anthu. Mani akanapatsidwa kamera akanasowa pogwira, chifukwa mu kamera mdima ndiye mlonda, ndipo wakuba ndi kuwala.

Augustine, mwana wa ku Thagaste m'dziko limene lero ndi Algeria, anatsatira chiphunzitso cha Mani kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi asanabatizidwe ku Milan mu 387. Atakhala bishopu wa ku Hippo anathera mphamvu zambiri kutsutsa aphunzitsi ake akale. M'kabuku kake konena za chikhalidwe cha ubwino ananena kuti cholengedwa chilichonse ndi chabwino chifukwa cha zinthu zitatu, muyeso, maonekedwe ndi dongosolo, ndipo choipa ndi kuvunda kwa zitatuzi basi. Sankadziwa kamera, koma zitatuzi ndi zimene zimasiyanitsa kuwala kojambula ndi kuwala kopsereza. Kuwala kojambula kuli ndi muyeso, pakuti khomo la lenzi ndi katani ya shutter zimalola kochepa kokha. Kuli ndi maonekedwe, pakuti magalasi a lenzi amakupinda kuti kadontho kalikonse ka kunja kagwere pa kadontho kake ka mkati. Kuli ndi dongosolo, pakuti kumagwera pa chithunzi chimene nthawi yake yakwana, osati pa chinzake. Kuwala kodontha kulibe zitatu zonsezi, ndipo palibenso china chimene kuli nacho choposa kuwala kwabwinoko.

Mfundo imeneyi imaoneka bwino tikamuyang'anitsitsa mmisiri wokonza makamera ali pantchito. Iye sayambira pa zithunzi zosindikizidwa. Amafuna negetivi, n'kuikweza pawindo. Chithunzi cha filimu ya mamilimita 35 chimakhala cha mamilimita 24 ndi 36, ndipo m'mphepete mwake muli timabowo timene mano a kamera amakokera filimu, timabowo 8 pa chithunzi chilichonse. Mphepetezo zimabisika kuseri kwa chitsulo, moti kuwala kochokera kutsogolo sikungazifike, ndipo pa filimu yabwino zimatuluka zoyera. Funso loyamba la mmisiri ndi lakuti, kodi banga lathera m'malire a chithunzi, kapena lasefukira mpaka ku timabowo? Ngati lasefukira, kuwalako sikunadzere kutsogolo, ndipo woyamba kukayikiridwa ndi chitseko cha kumbuyo. Ngati lathera m'malire, vuto lili kutsogolo: mwina katani ya shutter yabooka, mwina mvukuto wa kamera zopinda wang'ambika pangodya. Makamera ena a katani yansalu, monga ma Leica akale amene alibe kalilole pakati pa lenzi ndi katani, amabooka ndi dzuwa lenilenilo akasiyidwa chagada opanda chivindikiro, chifukwa lenzi imasonkhanitsa dzuwa pansaluyo monga mwana amayatsira pepala ndi galasi. Mtundu wa banga nawo umalankhula. Filimu ya kalala ili ndi miyalo itatu: wa pamwamba, woyang'ana ku lenzi, umamva buluu, wapakati umamva mtundu wobiriwira, wapansi umamva wofiira, ndipo pansi pa muyalo woyambawo pali sefa yachikasu yotchinga buluu. Kuwala kochokera kumbuyo kumayambira pa muyalo wofiira, ndipo buluu wake amathera pa sefa ija asanafike kwawo. N'chifukwa chake banga lofiira kapena la olenji limaloza kumbuyo, pamene loyera kapena lotuwa mobuluwira nthawi zambiri limaloza kutsogolo.

Kenaka amawerenga kabwerezedwe kake. Banga lokhala pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse ndi la kamera. Lokhala pa zithunzi zoyambirira zokha nthawi zambiri ndi la mwini wake amene analowetsa filimu padzuwa. Likamawala kwambiri pa chithunzi china n'kuzilala pa china, kawirikawiri ndiye kuti kamera inakhalitsa pamalo owala pakati pa zithunzi zina, pamene zina zinajambulidwa motsatizana. Palinso onamizira amene ayenera kuchotsedwa pamndandanda: mizere yoyambira pa timabowo imene imabwera chifukwa chotakasa mankhwala molakwika potsuka, mafunde amene makina ounikira katundu pabwalo la ndege amasiya, ndi chifunga cha dzuwa lowomba m'lenzi, chimene si kudontha ayi. Akatsala ndi malo awiri kapena atatu, amamata tepi yakuda pamalo amodzi, n'kujambula, n'kumatula, n'kumata pena. Kapena amalowa m'chipinda chamdima, n'kuika tochi yoyaka m'mimba mwa kamera, n'kudikira kuti maso azolowere, kufikira kanyenyezi kakang'ono kataonekera pangodya ya mvukuto. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono chimene amapeza pamapeto pa ulendo wonsewu n'chiyani? Sapeza kachilombo koti akaphe, kapena chitsulo chachilendo choti achizule ndi pulayala. Amapeza malo amene payenera kukhala chinthu koma palibe. Makamera ambiri a ku Japan a m'zaka za m'ma 1970, monga Olympus OM-1 ya 1972 kapena Canon AE-1 ndi Pentax K1000 za 1976, anatsekedwa m'ngalande za chitseko ndi timizere ta siponji yakuda. Siponjiyo ikakalamba imasanduka phala lomata ngati phula, kapena imayoyoka ngati mwaye, ndipo pamene inali pamatsala mpata wosakwana milimita imodzi. Mpata si chinthu. Sungauyeze pa sikelo, sungauike m'botolo kuti ukauonetse kwa mwini kamera. Augustine ananena zofanana ndi zimenezi za chilonda: chikapola sichisamukira kwina kukakhala, chimangoleka kukhalapo, chifukwa chinali kuperewera kwa thupi, osati thupi lachiwiri. Ananenanso kuti wofunafuna chimene chimapanga mtima woipa akufunafuna molakwika, pakuti gwero lake si mphamvu yochita koma mphamvu yoperewera. Mmisiri akaika siponji yatsopano, palibe amene amafunsa kuti kudontha kuja kwapita kuti.

Wotsutsa woyamba sachedwa kudzuka. Iye akuti, mukusewera ndi mawu. Banga lili pa negetivi ndi chinthu chenicheni chooneka ndi maso, ndipo nkhope ya mkwatibwi yapita, sidzabweranso, chifukwa ukwati suchitika kawiri kuti wojambula akonze. Mungamuuze bwanji mayi amene waika mwana wake m'manda kuti chimene chamugwera ndi kusowa chabe, si chinthu? Kutsutsa kumeneku n'kolemera, ndipo anthu ena oteteza Augustine amakupeputsa mochititsa manyazi. Koma kukusokoneza zinthu ziwiri. Kunena kuti gwero la choipa ndi mpata sikunena kuti zotsatira zake ndi zongopeka. Bowo la padenga si chinthu, koma mphasa imanyowa ndithu, ufa umawola ndithu, mwana amagona akunjenjemera ndithu. Ndiponso kuwawa kwa kutayako kumachitira umboni mbali yathu. Timalira chithunzi chopserera chifukwa nkhope inalipo ndipo inali yabwino. Banga lomwelo likagwera pa filimu yopanda kanthu palibe amene amadandaula. Choipa chimaluma molingana ndi kukula kwa chabwino chimene chadya, ndipo pachokha chilibe mano. Chikanakhala ufumu woima pawokha, monga ankanenera Mani, chikanatha kukhalapo popanda chabwino chilichonse, koma palibe amene anaonapo kudontha kopanda kamera, kapena dzimbiri lopanda chitsulo.

Pali phunziro lina m'ntchito ya mmisiriyu limene ndikuona kuti ndi lofunika kuposa onse, ndipo ndi lakuti pamene banga laonekera si pamene pali mpata. Lenzi imatembenuza dziko chadodolido, moti thambo limagwera kumunsi kwa filimu. Banga looneka kumwamba kwa chithunzi ndiye kuti lalowera kumunsi kwa kamera, ndipo la kumanzere lalowera kumanja. Choposa apo, m'makamera ambiri filimu imachoka kumanzere kupita kumanja, kumene kuli mahinji a chitseko, n'kumakulungidwa komweko. Siponji ya ku mahinji ikatha, kuwala kumagwera pa chithunzi chimene chinajambulidwa kale, chimene chinatsekulidwa bwino, kuyezedwa bwino, n'kusunthidwa chili changwiro. Chimapsa chili chikhalire, pa mlandu umene si wake. Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata amadziwa zimenezi: madzi amalowera pa msomali wa pamwamba, n'kuyenda ndi phaso, n'kukadonthera pakona ina. Abwenzi a Yobu ankawerenga negetivi mosaitembenuza. Anaona mabala pa munthu n'kugamula kuti mpata uli mwa iyeyo. Kwathu kuno kuwerenga kotereku kwapweteketsa nkhalamba zambiri, pamene imfa yadzidzidzi yagwa pamudzi ndipo anthu akufuna thupi loti aliloze chala, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Amene amakhulupirira kuti choipa ndi chinthu amafunafuna wochinyamula, ndipo amam'peza msanga, nthawi zambiri pakati pa anthu opanda owateteza. Amene amakhulupirira kuti ndi mpata amakakamizika kufunsa mafunso otopetsa, a chitsime, a mankhwala, a mtunda wopita kuchipatala.

Apa wina anganene kuti chiphunzitsochi chimabwezera mlandu wonse mkati, ngati kuti kunja kulibe adani. Mbiri ya filimu yomweyi ili ndi yankho. Mu 1945 kampani ya Kodak inayamba kulandira madandaulo akuti filimu zake za X-ray zikutuluka ndi timadontho takuda zisanagwiritsidwe ntchito. Panalibe kamera yodontha, panalibe chitseko chotseguka. Katswiri wa kampaniyo, Julian Webb, analondola vutolo mpaka ku makatoni olongedzera filimu, ndipo kuchokera ku makatoni mpaka ku fakitale ya ku Vincennes m'chigawo cha Indiana, imene inkatunga madzi mumtsinje wa Wabash. M'madzimo munagwera fumbi la bomba la atomu loyamba, limene linaphulitsidwa ku New Mexico pa 16 July chaka chomwecho, mtunda woposa makilomita 1,600. Webb anasindikiza zimene anapeza mu 1949. Mpata unalipo ndithu, koma sunali mwa wogula filimu, sunali mwa wotsuka, sunalinso mwa wopanga makatoni. Unali kutali, mwa anthu amene anamasula mphamvu yaikulu osatha kuiikira malire. Ndipo mphamvuyo payokha ndi ya mtundu womwewo umene Henri Becquerel anautulukira mu 1896 ataona kuti mchere wa uranium wadetsa mbale zake zojambulira zili zokutidwa, mphamvu imene lero madokotala amawotchera zotupa za khansa. Kunena kuti choipa ndi mpata sikunena kuti mpatawo ndi wako.

Wotsutsa wina amabwera akumwetulira, atapachika Holga m'khosi. Kamera yapulasitiki imeneyi, imene inayamba kupangidwa ku Hong Kong mu 1982, imadontha kuchokera kufakitale, ndipo anthu amaikondera chomwecho. Gulu la Lomography, limene linayambira ku Vienna kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, linasandutsa malawi ofiirawa kukhala fashoni, moti lero mafoni ali ndi zosefera zoika kudontha konamizira pa zithunzi zimene sizinaonepo filimu. Ena amafika polowetsa filimu chakumbuyo dala kuti zithunzi zonse zifiire. Ndiye ngati banga lomwelo wina akulira nalo, wina akuligula, kodi choipa si nkhani ya kukonda chabe? Thomas Aquinas anasiyanitsa kusakhala ndi chinthu ndi kulandidwa chinthu chimene umayenera kukhala nacho: munthu alibe mphamvu za mkango, koma palibe choipa pamenepo, chifukwa sizinali zake. Wojambula ukwati analonjeza nkhope, ndipo lawi lamulanda nkhopezo. Wa Holga analonjeza masewera a mitundu, ndipo lawi lam'patsa. Koma taonani zimene a Holga enieni amachita: amamata tepi yakuda m'mbali zina n'kusiya zina, amaphimba kawindo kofiira ka kumbuyo, amasankha kuti kudonthe pati ndiponso kochuluka bwanji. Abwezeretsa muyeso ndi dongosolo pakhomo lina. Palibe ngakhale mmodzi amene amatsegula chitseko chonse masana n'kunena kuti filimu yakuda bii ndi luso.

Chotsutsa chimene sindingachigonjetse kwathunthu ndi ichi: kamera ilibe mtima. Siponji siisankha kuvunda, pamene munthu wankhanza amakonza nkhanza zake usiku wonse, amazikonda, amazinyadira. Kodi chimenecho tingachitche mpata? Ndikuganiza kuti tingatero ndithu, koma mosamala. Tikam'phwasula munthu wotereyu monga mmisiri amaphwasulira kamera, chilichonse chimene tingachigwire ndi chabwino pachokha: nzeru zokonzera, kulimba mtima, kudekha, ngakhale chilakolako chofuna kulemekezedwa. Zomwezo mwa munthu wina zimamanga sukulu. Chimene chasowa ndi malire amene akanauza mphamvuzo kuti apa pali munthu mnzako, usapitirire. N'chifukwa chake woipa wanzeru amaopsa kuposa woipa wopusa, monga kamera yodontha imapsereza kwambiri padzuwa la mwezi wa October kusiyana ndi m'chisisira. Komabe fanizoli limathera pomwepa, pakuti munthu amatha kumatula siponji yake ndi manja ake, akudziwa, ndipo chifukwa chimene amachitira zimenezo Augustine yemwe anavomereza kuti ndi mdima umene maso sangauone. Funso linanso limatsalira kwa wopanga: bwanji anaika siponji yovunda? Makamera ambiri akale ankatchinga kuwala ndi ngalande zokhotakhota zachitsulo ndi ulusi wakuda, ndipo ena mwa iwo sadontha mpaka lero. Okhulupirira amayankha kuti chilichonse chopangidwa chimasintha, ndipo chosavunda ndi Mlengi yekha. Yankholi limafotokoza chifukwa chake kuvunda n'kotheka. Silifotokoza chifukwa chake kunagwera chithunzi ichi osati icho, ndipo woliza maliro ali ndi ufulu wokana kutonthozedwa nalo.

Chimene chiphunzitsochi chimasintha ndi kakonzedwe. Wokhulupirira maufumu awiri akanathamangitsa kuwala konse, n'kumata kamera yonse ndi phula mpaka lenzi yomwe, ndipo ikanakhala bokosi losadontha komanso losajambula. Mmisiri amachita zina. Amatenga kamtengo kosongoka ngati kotokosera m'mano, osati chitsulo, kuopa kukanda utoto wakuda, n'kukanyika mu spiriti, n'kuyamba kukokolola phala lakale m'ngalande, pang'onopang'ono, akuteteza katani ya shutter kuti nyenyeswa zisagwerepo. Ntchito yochotsayi ndi imene imadya nthawi. Akatha amadula timizere ta siponji yatsopano, tochindikala milimita imodzi kapena iwiri malinga ndi malo ake, n'kutiyala m'ngalande ndi ku mahinji, osatseka kampata ka kachitsulo kamene kamabwezera nambala ya zithunzi poyambira. Ophunzira ntchitoyi amakonda kuika siponji yochindikala kwambiri poganiza kuti akutseka bwino, koma yotereyo imakankha chitseko, chitseko chimapindika pang'ono, ndipo kuwala kumayamba kulowera pakona imene kale sinkadontha. Akamaliza amalowetsa filimu yotsika mtengo, amajambula zithunzi zingapo, amaisiya kamera padzuwa mbali iliyonse kwa kanthawi lenzi ili yovindikira, n'kupita nayo filimuyo kotsukitsa. Negetivi ikabwera amaikweza pawindo, ndipo asanayang'ane chithunzi chilichonse amayamba wayang'ana m'mphepete, ku timabowo kuja.